Kamera m'manja mwa mwana: kasankhidwe kake ndi kaphunzitsidwe kake

Mwana wanga wamkazi anali ndi zaka 5 tsiku lomwe ndinapeza mulu wa zithunzi m'foni mwanga zoti sindinajambule ndine. Zambiri zinali za denga, zina za chala chake chitaphimba galasi. Koma chimodzi ndinachiyang'ana nthawi yaitali: mapazi a agogo ake atawatambasula pamphasa, pambali pali lichero la nyemba, dzuwa la m'mawa likulowera pakhomo n'kugwera pa zidendene zong'aluka zija. Ine ndakhala ndikujambula maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Mzuzu kwa zaka zambiri, koma mapazi a mayi anga ondibereka ndinali ndisanawajambulepo. Mwana amaonera dziko m'munsi, pamsinkhu wa mawondo athu, ndipo kumeneko kuli zinthu zomwe ife akuluakulu tinasiya kalekale kuziona.

Makolo anzanga akamandifunsa kuti mwana amugulire kamera yotani, yankho langa silisintha. Mugulireni yomwe mungathe kumusiyira m'manja, inu n'kulowa m'nyumba mtima uli m'malo. Kamera yodula yoti muzingomulondola pambuyo n'kumati "samala, ugwetsa, bweretsa kuno" imangomudzala mantha, ndipo mwana wamantha sayang'ana china koma nkhope yanu.

Musanatulutse ndalama

Yambani ndi kuona ngati mwanayo akufunadi kujambula kapena wangokopeka ndi chinthu cha mabatani. Tengani chidutswa cha katoni, muboole pakati kazenera kamakona anayi kokula ngati chikhatho chake. Mpatseni azisuzumirapo atatsinzina diso limodzi, mumuuze kuti, "Kandipezere chinthu chokusangalatsa, uchilowetse m'kazeneramo, undiitane ndidzaone." Mwana amene ali ndi diso adzakuitanani mpaka mutope. Adzatulukira yekha kuti katoniyo akaibweretsa pafupi ndi diso m'zeneramo mumalowa bwalo lonse, akaitalikitsa mumatsala nkhuku imodzi. Ntchito yonse yojambula yagona pamenepo, kusankha cholowa ndi chotsala kunja.

Wa zaka 3 kapena 4 katoniyo imukwanira, manja ake sanafike pogwira chinthu osagwedeza. Kuyambira zaka 5 akhoza kukhala ndi kamera yeniyeni yosavuta. Wa zaka 8 kupita m'mwamba amayamba kufunsa za zumu, ija yokokera pafupi zinthu zakutali, ndi mabatani ena, ndipo ameneyo mukhoza kumupatsa yokhala ndi zambiri.

Mitundu yomwe mukumane nayo

Ambiri aganiza za foni yakale, ndipo ngati ndi yokhayo yomwe ilipo igwiritseni ntchito. Chotsani simu khadi, fufutani magemu, zimitsani intaneti, muiveke kava yokhuthala ya labala. Pa mafoni ambiri batani lokwezera mawu limajambulanso, choncho mwana akhoza kuigwira ndi manja onse awiri m'malo mogogoda pa sikirini. Komabe foni ndi yoterera, ilibe pomanga chingwe, ndipo mwana amadziwa kuti mkati mwake mumakhala zoonera. Mphindi zisanu sizitha asanaiwale zojambula.

Timakamera ta ana tamitundu yowala tija tili pawiri. Tina, monga VTech Kidizoom, ndi tolimba ndithu ndipo tili ndi pogwirira pabwino. Koma tambiri topanda dzina timalembedwa manambala akuluakulu pa bokosi pomwe zithunzi zake, makamaka za m'nyumba, zimatuluka zakuda ndi zachimbuuzi. Mwana wa zaka 4 sadandaula. Wa zaka 7 amafananiza ndi za m'foni ya amayi ake n'kugwa ulesi, kumaganiza kuti wolephera ndi iyeyo.

Ine ndimalimbikitsa makamera ang'onoang'ono olowa m'thumba, ogwiritsidwapo kale ntchito: Canon PowerShot, Nikon Coolpix, Sony Cyber-shot, Fujifilm FinePix, Panasonic Lumix. Anapangidwa ochuluka zedi mafoni asanawalande msika, ndipo lero ambiri angogona m'madilowa. Musanapite kumsika funsani kaye pachibale. Malume amene anakhalako ku Johannesburg, azakhali amene ankapita ku Dar es Salaam kukaoda katundu, mmodzi mwa iwo ali nayo ndithu. Mukapeza mwayi wa kamera yosalowa madzi, monga Nikon Coolpix W100 kapena W150, kapena ya Olympus Tough, musaisiye. W100 inapangidwa kuti ipirire madzi akuya mamita 10 komanso kugwa kuchokera pamtunda wa mamita 1.8, ndipo lenzi yake, galasi lakutsogolo lija lojambulira, siituluka kunja. Mfundo ya lenzi yosatulukayi ndi yaikulu, ndibwereranso.

Fujifilm Instax, ija imalavula chithunzi pompopompo, ana amaikonda kwambiri, koma paketi imodzi imakhala ndi mapepala 10 okha. Kudina kulikonse ndi ndalama, ndiye mudzayamba kumuwerengera mwana, pomwe wophunzira amafunika kulakwitsa kambirimbiri mwaulere. Makamera akuluakulu osintha malenzi, ngati omwe timanyamula ku maukwati, ndi olemera pakhosi pa mwana. Adikire.

Za ma megapixel, muyeso wa kuchuluka kwa timadontho topanga chithunzi, musavutike nazo. Chithunzi cha masentimita 10 kwa 15, saizi yomwe timaika mu alubamu, chimangofuna ma megapixel pafupifupi 2 kuti chituluke bwino. Kamera ya 8 kapena 10 yakwana n'kutsala.

Pogula, iyeseni pomwepo

Kaya mwaipeza pa Facebook, kaya kwa okonza mafoni m'tauni, kaya pa benchi la zamagetsi kumsika, pitani mutanyamula memori khadi yanu ndi mabatire anu. Nenani mwaulemu kuti, "Achimwene, ndiiyese kaye." Akakana, kapena akati batire latha koma kamera ndi yabwinobwino, tsanzikani.

Tsegulani kaye kachitseko ka mabatire. Mukaona ufa woyera kapena wobiriwira pa tizitsulo ta mkati, mabatire anaphulikiramo, ndipo kamera yotere imazima yokha nthawi iliyonse. Onaninso ngati kachitsekoko kakutsekeka kokha popanda tepi. Kenako iyatseni khutu lili pafupi. Lenzi ituluke mosalala, ndipo mukamakoka zumu isamalire ngati muli mchenga. Unikani m'lenzimo ndi tochi ya foni mopendeketsa. Kafumbi pang'ono si vuto, koma mukaona tiulusi tofalikira ngati ukonde wa kangaude, chimenecho ndi chuku chomera mkati mwa galasi chifukwa cha chinyontho, ndipo simungachipukute. Jambulani khoma loyera kapena thambo, mukulitse chithunzicho pa sikirini, muone ngati mulibe madontho akuda okhala malo amodzimodzi pa chithunzi chilichonse. Yesani fulashi. Pomaliza dinani batani muwerenge mumtima. Makamera ena akale amazengereza kwambiri pakati pa kudina ndi kujambula, moti galu amakhala atatuluka kale m'chithunzi. Mwana sangapirire zimenezo.

Nkhani ya mabatire ndiyo imapha makamera ambiri ogulidwa motere. Ena, monga Canon PowerShot za mtundu wa A ndi Nikon Coolpix za mtundu wa L, ambiri mwa iwo amalowa mabatire a AA, aja timaika m'wotchi yapakhoma. Amenewa ndi abwino kwa ife chifukwa magetsi akazima simugwira njakata. Koma mabatire otchipa a pa okala sakhalitsa m'kamera, mwina zithunzi zowerengeka chabe yayamba kale kuphethira. Gulani otchaja olembedwa NiMH, mapeya awiri ndi chaja yake, ena akamagwira ntchito ena ali pamoto. Ngati kamera ili ndi batire lakelake lafulati, litulutseni muliike patebulo. Likamagwedera kapena likaoneka lotupa pamimba latha, ndipo ndi loopsa kulitchaja. Musagule kamera yotere popanda chaja yake. Kutchaja ikhale ntchito yanu, osati ya mwana.

Onaninso khadi lomwe imalowa. Ma Sony akale ankafuna Memory Stick, ma Olympus ndi Fujifilm akale ankafuna xD, ndipo makhadi amenewa ndi osowa. Funani kamera ya khadi la SD, poti ngakhale kakhadi ka m'foni kamalowamo mukakaika mu adaputa. Musalimbane ndi khadi lalikulu. Makamera akale ambiri sawerenga la 64 GB, ndipo opangidwa chisanafike chaka cha 2006 nthawi zambiri amalekezera pa 2 GB. La 8 GB limasunga zithunzi pafupifupi 2,000 ngati chilichonse chili 4 MB.

Usiku woti mawa mumupatsa

Khalani nayo nokha kaye. Ikani deti ndi nthawi yolondola, chifukwa zaka zikadzapita mudzafuna kudziwa kuti chithunzi chakuti anajambula ali ndi zaka zingati. Iikeni pa Auto, pomwe kamera imadzisankhira yokha zofunika. Zimitsani fulashi, ija ya chizindikiro cha mphezi. Zimitsaninso digital zoom, yomwe imangofufumitsa chithunzi n'kuchiwononga. Kaphokoso ka "pii" kasiyeni, kathandiza pophunzitsa.

Mangani chingwe chapadzanja chotheka kuchithinitsa. Kwa mwana wamng'ono ine sindifuna chingwe cha m'khosi, chifukwa ana amakwera mitengo ya mapeyala, amadumpha mipanda, ndipo chingwe chikakodwa panthambi ndi ngozi yoposa kusweka kwa kamera. Ngati chingwe chake chinatayika, kachingwe ka nsapato kolimba kagwira ntchito.

Malamulo akhale ochepa oti awaloweze. Kwathu alipo anayi: dzanja lilowe m'chingwe kamera isanayake, osaloza kamera padzuwa kapena kuwalitsa fulashi m'maso mwa khanda, munthu umayamba wamupempha, ndipo ukamaliza kamera ibwerere pamalo pake. Kupatula apo, kamera ndi yake. Muuzeni mawu amenewo momveka: "Iyi ndi yako."

Tsiku loyamba

Musadutse mphindi 15, ndipo phunzitsani zinthu ziwiri zokha.

Choyamba ndi kagwiridwe. Manja onse awiri, zigongono zitsamire m'nthiti, miyendo itangadze pang'ono. Ana amakonda kutambasula mikono kutali ngati akupereka mbale, ndipo pamenepo kamera imanjenjemera. Muonetseni pomwe pali lenzi ndi pomwe pali fulashi kuti zala zisamafikepo. Ngati akugwederabe, atsamire khoma kapena aike zigongono pa mpando.

Chachiwiri ndi batani. Ambiri sadziwa, ngakhale akuluakulu, kuti batani lojambulira lili ndi masitepe awiri. Mukalidina pang'ono kamera imafufuza chomwe mwaloza kuti chioneke bwino, n'kulira "pii", pa sikirini n'kubwera kabokosi kobiriwira. Mukapitiriza kudina ndiye imajambula. Mwana amangolibaya lonse kamodzi, kamera n'kugwa mphuno, chithunzi n'kutuluka mbuu. Wanga ndinamuuza kuti, "Dina ngati ukuyesa peyala ngati lapsa. Osaliboola. Ukamva pii, malizitsa pang'onopang'ono." Tinayeserera pa peyala lenileni, kenako pa batani, chala chamkombaphala chili pamwamba pa changa kuti amve pomwe sitepe yoyamba imathera. Zinatenga masiku atatu kuti chalacho chizolowere.

Zikatha ziwirizi msiyeni. Ajambule mapoto, mchira wa galu, mphuno ya mng'ono wake. Sabata yoyamba musakonze kalikonse.

Kuwala

Apa ndiye pofunika kukhalitsa, chifukwa kamera siijambula munthu kapena mtengo, imajambula kuwala komwe kwagwera pa zinthuzo. Mwana simungamuuze zimenezi ndi mawu, muonetseni. Tengani chidole kapena kapu, achijambule malo atatu: pabwalo padzuwa la masana, pakhonde pamthunzi, ndi m'nyumba pafupi ndi chitseko chotsegula. Kenako khalani pansi muyang'ane zitatuzo, mumufunse kuti chamusangalatsa ndi chiti.

Kuno dzuwa la masana limakhala paliwombo penipeni. Munthu ukamujambula nthawi imeneyo chipumi chimanyezimira, maso amalowa m'maenje akuda, iye ali tsinzinetsinzine. Ndinaphunzitsa mwana wanga kuyang'ana chithunzithunzi chake pansi: chikakhala chachifupi kuposa iye mwini, anthu akawajambulire pamthunzi, chikatalika akhoza kujambula pabwalo. M'mawa ndi madzulo kuyambira cha m'ma 4 koloko kuwala kumabwera cham'mbali, ndipo khoma la njerwa zootcha limaoneka ngati lapakidwa uchi.

Vuto lina lomwe limatikhudza kwambiri ife akhungu lakuda ndi la kumbuyo kowala. Mukaimika munthu kumbuyo kwake kuli thambo loyera, zenera kapena khoma la laimu lowombedwa ndi dzuwa, kamera imaona kuwala kochulukako n'kudzichepetsera, nkhope n'kusanduka mdima, kungotsala mano. Mwana akabwera ndi chithunzi chotere musamuuze kuti walakwitsa. Mufunseni kuti, "Kuwala kukuchokera kuti?" Akaloza, muuzeni atembenuze munthuyo kuti nkhope iyang'ane komweko. Pakhonde, wojambulidwa akhale mkati moyang'ana kubwalo, wojambula aime kunja. Mukafuna kumudabwitsa, gwirani katoni yoyera kapena nsalu yoyera pafupi ndi tsaya lomwe lili mumthunzi, aone pa sikirini momwe likuwalira.

Ife a ku Mzuzu tili ndi mwayi womwe anzathu a kunyanja alibe. Mitambo ndi nkhungu zomwe timadandaula nazo zimasefa dzuwa, nkhope zimaoneka zosalala popanda mithunzi yolimba. M'mawa wa June kapena July, nkhungu itakuta mitengo, anthu akabaza akutulukira mmodzimmodzi ngati akuchokera mu utsi, muvekeni mwana juzi mutuluke naye pamsewu. Zithunzi za tsiku limenelo mudzazisunga.

Usiku ndi m'nyumba mwamdima kamera yaing'ono imafooka. Fulashi yake imafika mamita atatu kapena kuposerapo pang'ono, choncho kuiwalitsa muli pa sitandi ku Mzuzu Stadium n'kungotha batire.

Miyendo ndi mawondo

Mwana akatulukira zumu amaima malo amodzi n'kumangokoka. Mwezi woyamba muuzeni kuti zumu ndi miyendo yake. Masewera ake ndi awa: chinthu chimodzi, zithunzi zitatu. China ali patali, china atayandikira mpaka chinthucho chidzaze sikirini, china atagwada kapena atagona chafufumimba. Yesani ndi thadzi la anapiye. Kujambula ataimirira kumangoonetsa misana ya nkhuku ndi dothi. Akagona pansi, anapiye amakhala maso ndi maso ndi iye, ndipo thadzi limaoneka lalikulu ngati ng'ombe. Zovala zidzada, zimenezo vomerezani.

Akazolowera, muphunzitseni kuyendetsa diso m'makona anayi a sikirini asanadine. Ndi mmene adzaonere chidebe cha zinyalala chomwe chalowa pambali, kapena mtengo wa papaya womwe ukuoneka ngati wamera pamutu pa adadi ake. Sitepe imodzi kumanja kapena kumanzere imachotsa zonsezo.

Mabuku ambiri amayamba ndi lamulo logawa chithunzi patatu kuti chinthu chisakhale pakati. Ine ndikuti lisungeni mpaka adzafike zaka 9 kapena 10. Mwana wamng'ono mukamupatsa malamulo a kukongola amayamba kujambula zokondweretsa inu, ndipo mapazi a agogo aja sadzawajambulanso.

Chomwe chimathandiza ndi kumutuma. Lero zinthu zofiira zisanu. Mawa zozungulira: tayala la njinga, mbaula, chivundikiro cha poto, lichero. Tsiku lina afotokoze kaphikidwe ka nsima ndi zithunzi zisanu, kuyambira madzi ali pamoto mpaka mitanda ili m'mbale, ataima patali ndi moto. Adzale nyemba m'chitini aziijambula m'mawa uliwonse ali malo omwewo kwa masabata awiri, kenako muziyendetsa zithunzizo mofulumira aone ikukula.

Ntchito yomwe ndimaikonda koposa ndi ya nkhono. Nyengo ya mvula zimadzaza m'mphepete mwa mipanda. Muonetseni batani la chizindikiro cha duwa, lojambulira zinthu zapafupi kwambiri. Akayandikira, nkhono ibweza nyanga zake. Apa palibe chochita koma kukhala chete, zigongono pansi, chala pa batani. Mwana wanga anadikira mpaka ndinaganiza kuti wagona, kenako ndinamva akunong'ona, "Adadi, yatulutsa." Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo iye anawaonadi, timadontho tiwiri takuda kunsonga kwa nyanga zazitali zija. Akamaliza asambe m'manja ndi sopo, ndipo nkhonoyo asaigwire.

Kujambula anthu

Kamera imapatsa mwana mphamvu pa anthu ena, choncho ulemu uyambire kunyumba. Asanajambule anene kuti, "Agogo, ndikujambuleni?" Akalola, ajambule, kenako apite akawaonetse atagwira kamera ndi manja awiri. Akakana, ayankhe kuti "Zikomo" n'kuchoka osanyinyirika. Kumsika waukulu kapena ku Zigwagwa, komwe amayi ambiri ogulitsa amayankhula Chitumbuka, "Monire amama" ndi "Yewo" zimatsegula nkhope kuposa china chilichonse. Muyambe mwagula tomato wanu, kucheza pang'ono, kenako mwana apemphe. Ambiri amakonza kaye duku n'kuseka. Ena amakana, ndipo ali ndi ufulu wonse. M'malo odzaza anthu mukhale pambali pake, kamera ikatha ntchito ilowe m'chikwama chanu.

Pali zosajambula zomwe muyenera kuzitchula mayina, osangoti "zoipa": munthu akusamba kapena akuvala, mnzake ali maliseche ngakhale akusewera m'madzi, wodwala, maliro, ngozi ya pamsewu. Muuzeninso kuti munthu wina aliyense, ngakhale wachibale, akadzamuuza kuti adzijambule atavula kapena ajambule zinthu zachinsinsi, adzakuuzeni tsiku lomwelo ndipo simudzamukalipira. Malo a chitetezo nawonso ayi: geti la Moyale Barracks, ma rodibuloko a apolisi, bwalo la ndege, mkati mwa banki.

Inunso lamulo lopempha likukhudzani. Musanaike chithunzi chake kapena chojambula iye pa WhatsApp ndi pa Facebook, mufunseni. Pewani zoonetsa yunifolomu ya sukulu yake kapena geti la nyumba yanu, ndipo ngati akujambulira foni zimitsani zoti kamera izilemba malo omwe chithunzi chajambulidwira. Ana a eni ake musawaike pa intaneti makolo awo osadziwa.

Madzulo, khalani pansi muonere limodzi

Gawo ili makolo ambiri amalidumpha, chonsecho ndi pomwe mwana amaphunzira kwambiri. Mukatha kudya, muikeni pamwendo muyendetse zithunzi za tsikulo. Pakamwa panu pazituluka mafunso: "Ndiuze za ichi. Unaona chiyani apa?" Nthawi zina chithunzi chomwe inu mukuchiona ngati dothi lokhalokha, iye akuuzani kuti pali nyerere itanyamula njere ya mpunga, ndipo mukakulitsa muipezadi. Ngati pali chokonza, chikhale chimodzi pa tsiku.

Asankhe zitatu zomwe wazikonda. Kusankha n'kovuta, adzafuna zonse, koma muumirire pa zitatu. Zotsalazo musafufute pamaso pake, ndipo iyenso asazolowere batani lofufutira, chifukwa tsiku lina adzafufuta khadi lonse.

Pakutha pa mwezi tengani zisanu kapena khumi mukatsukitse ku situdiyo m'tauni. Pitani ndi khadi lenilenilo kapena fulashi disiki, chifukwa chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp mwachizolowezi chimapanikizidwa n'kuchepa mphamvu. Mutengeni mwanayo akalandire yekha envulopu. Kunyumba amate zithunzizo m'kope, pansi pa chilichonse mulembe deti ndi mawu omwe iye wanena, osawakonza. Khadi limawonongeka, foni imabedwa, koma kope limakhala. Zonse za m'khadi muzikopera pa kompyuta kapena pa fulashi disiki mwezi uliwonse.

Mchenga, mvula ndi chinyontho

Kamera yathu yoyamba inafera ku Nkhata Bay. Tinatsika ulendo wa makilomita pafupifupi 50 uja tsiku Loweruka, mwana akujambula nthochi ndi chinangwa za m'mbali mwa msewu. Titafika ku Chikale anaiika pamchenga ili yoyaka kuti akatole chigoba. Timchenga tinalowa m'mphepete mwa lenzi yotuluka ija, inalira kawiri, n'kuuma ili panja. Analira njira yonse yobwerera. Sindinamukalipire, chifukwa za mchenga ndinali ndisanamuuze, ndipo kamerayo inali yoti ndikhoza kupeza ina. N'chifukwa chake ndinati ya lenzi yosatuluka ndi yabwino. Ngati yanu ndi yotuluka, kunyanja izikhala padzanja kapena m'jumbo yomanga, osati pansi. Mwana akaigwetsa lenzi ili panja, mathero ake amakhala omwewo, choncho azolowere kuizimitsa akangomaliza.

Kuno mvula imatenga miyezi yambiri ndipo nyumba zimagwira chinyontho. Musasunge kamera m'sutikesi ya zovala kapena pansi pa bedi. Ipezereni kontena ya pulasitiki yotseka bwino, muikemo timapaketi ta silica gel tomwe timabwera m'mabokosi a nsapato. Timapaketito tisafike m'manja mwa makanda, amatiyesa shuga. Ikakhala kuti siigwira ntchito kwa masabata angapo, chotsani mabatire a AA. Lenzi muzipukuta ndi kansalu kofewa ka magalasi a maso, osati malaya. Ikanyowa ndi mvula musaiyatse kuti muone ngati ikugwirabe. Chotsani batire ndi khadi, tsegulani tizitseko tonse, muisiye pamalo ouma podutsa mphepo masiku angapo.

Idzafika nthawi yoti kamera igone sabata zitatu osaikhudza. Musamukumbutse ndalama zomwe munawononga. Ingoonetsetsani kuti mabatire ali ndi moto ndipo kontena ili poti aifikira. Wanga anaitolanso yekha usiku womwe ngumbi zinatuluka n'kudzaza pa babu la pakhonde.

Akadzafunsa kuti chithunzi chimalowamo bwanji

Funso limeneli lidzabwera, ndipo yankho lake mukhoza kulipanga ndi bokosi la nsapato. Kumbali imodzi yaifupi dulani kabowo, mumatepo kachidutswa ka foyilo, muboole pakati pake ndi singano. Kumbali inayo dulani zenera lalikulu, mumatepo pepala loyera lopyapyala lomwe mwalipaka timafuta tophikira pang'ono kuti lizionekera. Tsekani bokosilo, mumate tepi m'mipata monse kuti kuwala kuzilowera pa kabowo ka singano kokha. Masana dzuwa lili phwee, mwana aime pakhonde, aloze kabowoko kubwalo, osati kudzuwa, ndipo mumufunditse bulangete lakuda kumutu pamodzi ndi mbali ya pepala ija. Adikire kamphindi kuti maso azolowere mdima.

Pa pepalapo padzaoneka bwalo lanu, lofooka koma la mitundu yake, mitengo itazondoka. Kuwala kumayenda mowongoka, choncho kochokera kunsonga ya mtengo kumadutsa pa kabowo n'kukagwera m'munsi mwa pepala, kochokera kutsinde n'kukagwera m'mwamba. M'kamera mwake mumachitika zomwezo, kungoti pa kabowo pali lenzi ndipo pa pepala pali kachipangizo kosunga kuwalako. Chithunzi chikakhala chakuda kwambiri kulitsani kabowo pang'ono, podziwa kuti kakakula mopitirira zinthu ziyamba chimbuuzi. Kenako tumani mchimwene wake adutse pabwalo akugwedeza manja, mwana ali m'bulangetemo amuone akuyenda miyendo ili m'mwamba.